Mafunso ndi Mayankho: Masipika Akamang'ung'udza

Lero patebulo pano pali makalata atatu, ndipo onse akudandaula za phokoso, makamaka "mmmm" uja amene amayamba m'masipika oimba asanakhudze chida chilichonse.

Yoyamba yachokera ku Ndirande: "Ndimaimba gitala mu kwaya ya kutchalitchi kwathu. Ndinagula waya pamsika n'kuwotcherera ndekha majeki mbali zonse ziwiri. Gitala ikumveka ndithu, koma ikung'ung'udza osaleka. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, masulani jekiyo muone mkati. Ngati muli mawaya awiri ogonerana, wofiira ndi wakuda, amenewo ndi a sipika, si a gitala. Mphamvu imene gitala imatulutsa ndi yochepa kwambiri, pomwe magetsi a m'khoma amanjenjemera ka 50 pa sekondi iliyonse, ndipo waya wopanda chomutchinga amatola kunjenjemerako ngati eriyo ya wailesi. Waya woyenera amakhala ndi kawaya kamodzi pakati, kokutidwa ndi pulasitiki, kenako timawaya takopa tolukana ngati dengu titazungulira. Tolukana timeneti timatchedwa shield. Kapakatiko kapite kunsonga ya jeki, shield ipite kuthupi lake.

Powotcherera, potani timawaya ta shield tikhale pamodzi, muyambe mwatipaka solder musanatigundanitse ndi jeki. Solder yogwira bwino imayenderera n'kukhala yosalala; ikakhala chibuma chotuwa, bwerezani. Kawaya kamodzi kothawa, kochepa ngati tsitsi, kakakhudza nsonga mawu onse amazima, choncho yesani ndi multimeter musanatseke. Chingwecho chisapitirire mamita 6. Komanso dziwani kuti magitala a mtundu wa Stratocaster, amene mapikapu ake ndi a koyilo imodzi, amang'ung'udza pang'ono mwachibadwa. N'chifukwa chake Seth Lover wa ku kampani ya Gibson anapanga pikapu yotchedwa humbucker m'zaka za m'ma 1950.

Yachiwiri yachokera kwa mayi wina wa ku Kasungu, woyang'anira zida za bandi ya achinyamata: "Kiyibodi yathu payokha ilibe vuto, koma tikailumikiza ku mikisa imene ili kumbuyo kwa holo, phokoso limayamba. Wina anatiuza kuti tithyole kamwendo kachitatu ka pulagi, ndipo litheratu. Kodi n'zoona?"

Mayi, ndikupempheni, musathyole. Phokoso likhoza kuthadi, koma kamwendo kakakulu kapamwambako ndi earth, njira imene magetsi amathawira waya wamoto akakhudza chitsulo cha chida. Mukakachotsa, magetsiwo amadutsa mwa mwana amene wagwira maikolofoni. Les Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pasiteji ku Swansea mu 1972 atakhudza maikolofoni imene munalowa magetsi. Inenso ndinalawako pamsonkhano wina wa patenti: ndinangoyandikitsa mlomo kunena "testing", ndinamva ngati wina wandibaya ndi singano, mlomo n'kuchita dzanzi mpaka madzulo. Titafufuza tinapeza ekisitenshoni yoduka earth. Kuyambira tsiku limenelo sindiyatsa zida ndisanaone mapulagi.

Vuto lanu limatchedwa ground loop. Kiyibodi yapita ku earth kudzera pasoketi yakutsogolo, mikisa kudzera pasoketi yakumbuyo, ndiyeno shield ya chingwe chanu yalumikizanso ziwirizo. Papangika mkombero, ndipo popeza ma earth awiriwo salingana ndendende, timagetsi tochepa timayenda mu shield n'kusakanikirana ndi nyimbo. Choyamba, yesani kutenga magetsi a zida zonse pasoketi imodzi, ngati singalemedwe. Nthawi zambiri izi zokha zimakwana.

Zikakanika, mtunda wautali chotero umafuna chingwe cha balanced. Chimenechi chili ndi mawaya awiri opotana mkati mwa shield. Onse awiri amatola phokoso lofanana, ndipo mikisa imachotsera wina kwa mnzake, phokoso n'kufafanizika, nyimbo n'kutsala. Pa pulagi ya XLR manambala analembedwa pambali pa timiyendo: 1 ndi shield, 2 ndi waya wonyamula mawu, 3 ndi mnzake. Pa jeki ya mizere iwiri yakuda, nsonga imapita ku 2, mphete yapakati ku 3, thupi ku 1. Ngati kiyibodi yanu imatulutsa mawu pa jeki wamba, ikani kabokosi kotchedwa DI pafupi nayo: chingwe chachifupi kuchoka ku kiyibodi, XLR wautali kupita ku mikisa. Pakabokosipo pali batani lolembedwa "ground lift". Limeneli limadula mkombero uja kumbali ya mawu yokha, earth ya magetsi ikadali m'malo mwake. Amisiri ena amasiya shield yosawotcherera mbali imodzi ya chingwe cha balanced, ndipo zimagwira ntchito pakati pa mikisa ndi ampulifaya. Koma chingwe chotero chimangeni tepi yofiira, chisapite ku maikolofoni, chifukwa mavoti 48 amene maikolofoni a mtundu wa condenser amafuna amabwerera pa nambala 1.

Yomaliza ndi ya bambo wina wojambula nyimbo m'chipinda chake ku Chipata: "Phokoso langa si 'mmmm', ndi 'zzzz' wothetheka, ndipo limabwera n'kupita."

Bambo, phokoso lotero kawirikawiri limachokera ku tchaja ya laputopu kapena ya foni, apo ayi mababu a chubu. Zulani tchaja, laputopu iyendere batire, mumvetsere. Ngati silinathe, tsitsani matchanelo onse pamikisa, muzikweza imodziimodzi mpaka phokoso litulukire. Mukapeza tchanelo yake, tsatani chingwecho ndi dzanja pansi. Chikakhala kuti chagonerana ndi waya wamagetsi, chisunthireni patali, ndipo pamene ziyenera kukumana zidutsane mopingasa.