Tabwereranso pa Mpando wa Wometa

Woulutsa: Lolemba lapitali, pa 12 Epulo 2021, mababashopu ndi masaluni a ku England atsekulidwanso atakhala chitsekere kuyambira Januwale chifukwa cha mliri wa korona, ndipo makalata ambiri a sabata ino ndi a tsitsi. Muno tili ndi a dokotala a matenda a khungu. Takulandirani.

Dokotala: Zikomo achimwene. Tiyeni nawo.

Woulutsa: Yoyamba yachokera ku Leeds. Bambowa akuti: "Miyezi itatu osameta, mutu wachita nyankhalala, ndevu sindinena. Ndapeza malo Loweruka, koma mtima ukukana poti wometa amapumira pankhope pako penipeni. Ndipite?"

Dokotala: Pitani bambo, mutavala masiki. Mu Meyi 2020, mumzinda wa Springfield ku Missouri, dziko la America, anthu awiri okonza tsitsi anagwira ntchito ali ndi kachilombo ka korona. Anakonza anthu 139. Iwo anali atavala masiki, makasitomala awonso chimodzimodzi. Mwa anthuwo, 67 anavomera kuyezedwa ndipo sanapezeke nako ndi mmodzi yemwe. Kachilomboka kamayenda ndi mpweya wotuluka m'kamwa ndi m'mphuno, choncho khalani pafupi ndi khomo lotsekula, nkhani za mpira muchepetseko, ndevu mukadule nokha kunyumba chifukwa zimenezo zimafuna kuvula masiki.

Ine nkhawa yanga ili pena. Munthu amene wasunga tsitsi nthawi yaitali amafika ndi ukali, amvekere "chotsani lonse, mpala!" Musatero. Tsitsi lathu ndi lopotana. Mukalidula mpaka pakhungu, kansonga kake kakuthwa kamapindika n'kulowanso m'khungu, ndiye timatuza tija timayamba, makamaka kunkhongo. Kwa ena timatuzato timauma n'kusanduka zipsera zotupa zimene sizimeranso tsitsi. Ndimawaona anyamata oterewa m'chipatala atabisa nkhongo m'chipewa ngakhale dzuwa la Okutobala, ndipo zimandimvetsa chisoni, chifukwa chiyambi chake chinali lezala chabe. Muuzeni wometa asiyeko pang'ono, ndipo mzere wa kunkhongo asaukande ndi lumo.

Woulutsa: Iyi ndi ya mayi a ku Ndirande. "Sukulu zitatsekulidwa ndinapita ndi mwana wanga wa zaka 7 kukametetsa. Patha masabata awiri, pamutu patuluka chipere. Ndapaka mankhwala ogula pa famase koma chikungokula."

Dokotala: Kuno ku Malawi m'bindikiro wa masiku 21 uja khoti linauletsa mu Epulo 2020, moti ometa sanatseke ngati kunja. Koma ana anakhala miyezi ali kunyumba, ndipo sukulu zitaitana, onse anakhamukira kwa wometa sabata imodzi, makina amodzi mitu makumimakumi. Chipere ndi nkhungu yokhala pakhungu, imasamuka pa mano a makina, pachipeso, pansalu yofunda m'khosi ija.

Chopaka chikulephera chifukwa nkhunguyo yalowa m'kati mwa tsitsi, mmene mafuta safika. Mwanayo akufunika mankhwala akumwa. Odziwika kwambiri ndi griseofulvin, amene amamwedwa masabata 6 mpaka 8, ndipo mlingo wake amayeza ndi kulemera kwa mwana, ndiye pitani naye kuchipatala, musagule mongoganiza. Azimwa atadya chakudya cha mafuta, kaya phala la nsinjiro kaya mkaka, amalowa bwino m'thupi. Abale ake muwayang'anenso m'mutu, chipeso ndi thaulo aliyense chake. Ndipo chonde mayi, mafuta a mabuleki a galimoto kapena madzi a m'batire, zimene ena amalangizana, zisayandikire mutu wa mwana. Zimawotcha khungu, pamalopo tsitsi osameranso.

Ulendo wina muziyang'ana manja a wometa asanayambe. Asase makina ndi kaburashi, athire spiriti mano onse anyowe, adikire aume. Kungowaza kamodzi n'kuika pamutu nthawi yomweyo ndi mwambo chabe. Lezala atsekule watsopano inu mukuona, chifukwa kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamatha sabata yathunthu kali moyo m'kadontho ka magazi kouma. Wometa wodziwa ntchito yake sakwiya mukamufunsa zimenezi.

Woulutsa: Tipite ku Johannesburg. "Ndinadwala korona mu Januwale, ndinachira. Lero ndamasula tsitsi kuti ndikalukitse, koma likuthothoka lodzaza dzanja. Kodi ndi dazi, kapena matenda aja sanathe?"

Dokotala: Mtima m'malo, chemwali. Munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku osazindikira. Thupi likakumana ndi chinthu chachikulu, kutentha thupi kwambiri, kubereka, ngakhale chisoni, limaimitsa tsitsi lambiri kukula nthawi imodzi. Tsitsi loimalo siligwa pomwepo, limadikira miyezi iwiri kapena itatu. Muwerenge kuchokera Januwale, mupeza kuti mwafika pa nthawi yake. Kuwonjezera apo, tsitsi lolukidwa limasunga lonse lothothoka mpaka tsiku lomasula, n'chifukwa chake likuoneka lochuluka choncho.

Mizu ili moyo. Kawirikawiri pakatha miyezi 6 kuthothokako kumasiya, ndipo latsopano limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Panopa meshi yolemera ndi mankhwala owongolera tsitsi zidikire kaye. Kukoka n'kumene kumadya tsitsi la pamphumi mpaka kalekale. Mukaona likuchoka malo amodzi mozungulira ngati ndalama, pitani kuchipatala; mukamatopa ndi kuchita chizungulire, kayezetseni magazi, mwina achepa.

Woulutsa: Yomaliza yachokera ku Cape Town, ndipo ndiiwerenga pang'onopang'ono. "Bambo anga anamwalira ku Dedza mu Januwale. Ndinalephera kupita. Abale onse anameta maliro, ine ayi. Chiyambireni sindinakhudze mutu wanga. Ometa ali pafupi, koma ndikafika pakhomo ndimabwerera. Nditani?"

Dokotala: Pepani achimwene, pepani ndithu. Mwezi umenewo unali woipa. Ndi mwezi umene tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, pa 12 Januwale. Dzulo lake South Africa inali italengeza kutseka zipata zake zapamtunda, ndi Beitbridge yomwe, mpaka pa 15 Febuluwale. Musadziimbe mlandu.

Pa za khungu ndilibe choletsa, mutha kumeta lero. Koma funso lanu si la khungu. Kwathu kumeta maliro ndi kumasula wolira kuti abwerere kumunda ndi kumsika, ndipo munthu sadzimasula yekha, amamasulidwa ndi abale. N'chifukwa chake miyendo ikukana pakhomo la babashopu. Imbirani foni amalume kapena mwini mbumba, muwauze monga mwatiuzira ife. Mabanja ambiri amametanso kachiwiri pakapita miyezi. Mwina adzati dikirani tsiku limenelo, mwina adzati metani komweko. Akakulolani, musapite nokha. Itanani anzanu akumudzi awiri kapena atatu Lamulungu masana, mmodzi agwire makina, foni ikhale yotsekula kuti amayi amve kulira kwa makinawo ali ku Dedza.

Woulutsa: Achimwene a ku Cape Town, mukameta mutilemberenso. Sabata yamawa a dokotala adzayankha za manja osweka ndi sanitaiza. Makalata a nkhani imeneyi afika kale anayi.