Mapu a Ulendo wa Abrahamu: Mafunso a Aphunzitsi a Sande Sukulu

Funso: Mapu ndi a chiyani, poti nkhaniyo ili kale m'Baibulo?

Yankho: Mwana akamva kuti Abrahamu anachoka ku Uri kupita ku Kanani, amayesa ndi pafupi. Mumpatse pepala, chala chake chilondole mtsinje wa Firate. Aona yekha kuti kuchoka ku Uri, kumwera kwa Iraq wa lero, kukafika ku Harana, m'dziko la Turkey, ndi mtunda woposa makilomita 900, kutalika ngati dziko lonse la Malawi. Ndipo apa n'kuti ulendo usanathe.

Funso: Nanga anazunguliranji, osangodutsa chakumadzulo?

Yankho: Pakatipo pali chipululu. Munthu wa ziweto amatsata madzi ndi msipu, n'chifukwa chake njirayo imapindika. Ana amene anawetapo mbuzi savutika kumvetsa zimenezi. Alekeni afotokoze okha.

Funso: Pamapupo pakhale malo ati?

Yankho: Musachulutse. Uri, Harana, kumene Tera, bambo wa Abrahamu, anafera, kumenenso Abrahamu ananyamukira ali ndi zaka 75, Sekemu, pafupi ndi mzinda wa Nablus, Beteli, Ejipito, kumene anathawira njala, kenako Hebroni. Pa Hebroni musathamangepo. Munthu amene analonjezedwa dziko lonse, malo amene anagula ndi munda wa ku Makipela wokhala ndi phanga, pa masekeli 400 a siliva, kuti aikemo maliro a mkazi wake Sara. Mwana aike kadontho pamenepo, kenako ayang'ane kukula kwa Kanani yense. Akadabwa n'kufunsa, musafulumire kumuyankha. Tsegulani naye Genesis 23.

Funso: Abwino ndi mapu olembedwa kale zonse kapena opanda mayina?

Yankho: Opanda mayina, ndithu. Olembedwa kale ana amangowapinda n'kuika m'thumba. Koma akamawerenga Genesis 11 mpaka 13, pensulo ili m'manja, mzere wopita ku Ejipito amaulemba kawiri, popita ndi pobwerera ku Beteli, ndipo saiwala.

Funso: Kodi mapu onse amagwirizana?

Yankho: Ayi. Akatswiri ena amati Uri anali kumpoto, kufupi ndi Harana. Ana okulirapo auzeni zimenezi mosabisa.

Funso: Tikasowa ndalama ya fotokope?

Yankho: Sindikizani pepala limodzi, mujambule njirayo pabwalo la tchalitchi ndi phulusa, miyala ikhale mizinda, ana ayende okha kuyambira ku Uri.