Katundu ndi Wanu, Kontena ndi ya Eni

Funso: Ndimagulitsa matailosi ku Kanyama, mu Lusaka. Kontena yanga yochokera ku China itafika, andilipiritsa ndalama za kuchedwa. Chifukwa chiyani, poti katundu ndi wanga?

Yankho: Bambo, kontenayo ndi ya kampani ya sitima zapamadzi. Amakupatsani masiku owerengeka aulere. Akatha, mumalipira tsiku lililonse mpaka ibwezedwe, kawirikawiri ku doko la Dar es Salaam. Ambiri mwa masikuwo amathera pamzere wa malole pamalire a Nakonde, choncho mapepala a msonkho a ZRA akonzedweretu. Mukasankha njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, kumbukirani kuti imathera ku Kapiri Mposhi, Lusaka akadali patsogolo. Pemphani masiku aulere ochuluka katundu asananyamuke ku China. Funsaninso ejenti wanu ngati pali wotumiza katundu kunja woti aidzaze pobwerera, mugawane mtengo wa lole.