Ulendo wa ku Yunivesite Umayambira mu Fomu 3

M'chaka cha 2020 boma linathetsa kota, dongosolo losankhira ophunzira ku sukulu zaukachenjede potengera boma limene akuchokera. Kuchokera nthawi imeneyo, mwana wa pa sekondale yoyendera ku Senga Bay kapena ku Chipoka akulimbirana malo ndi mnzake wa pa sukulu yogonera konko ya ku Lilongwe, ndipo dzina la Salima silimuikiranso kumbuyo. Makolo amene amadikira zotsatira za MSCE kuti ayambe kuganiza za koleji amakhala atachedwa ndi zaka ziwiri zathunthu, chifukwa zambiri zimamangidwa kapena kugumuka pamene mwana akulowa Fomu 3.

Choyamba ndi kusankha maphunziro. Mu Fomu 3 ophunzira amasiya maphunziro ena n'kutsala ndi amene adzalembe pa mayeso a MANEB, ndipo ambiri amathawa Physics ndi Chemistry pongomva anzawo akuti n'zovuta. Mwana wofuna udokotala kapena unamwino ku KUHeS, uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST ku Thyolo, ngakhalenso zaulimi ku Bunda, akasiya sayansi ndiye kuti wadzitsekera yekha chitseko asanafike n'komwe pakhomo. Inu kholo, pitani kwa mphunzitsi wamkulu teremu yoyamba isanathe, mwana ali pambali panu, mukafunse kuti ntchito imene akuifunayo imalira maphunziro ati.

Chachiwiri, dziwani mmene amawerengera magiredi a MSCE. Giredi 1 ndi 2 ndiye kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, pamene 7 ndi 8 n'kungodutsa. Sukulu zaukachenjede za boma zimafuna makirediti asanu ndi limodzi, ndipo Chingerezi chikhale m'gulumo. Apa m'pamene ana anzeru ambiri amagwera: mwana akhoza kupeza 1 pa Masamu, koma akapeza 7 pa Chingerezi dzina lake silituluka. Choncho awerenge Chingerezi tsiku lililonse, kaya ndi nyuzipepala yakale yokulungira zigumu, ndipo sabata iliyonse alembe chimangirizo chimodzi n'kupatsa aphunzitsi kuti achonge. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo awalembe atadziikira nthawi ngati ali m'chipinda cha mayeso, osati kumangowayang'ana.

Ena anena kuti zonsezi n'zopanda phindu pa sukulu imene ilibe labotale, pamene buku limodzi amagawana ana angapo. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo kuthetsa kota popanda kukonza sekondale zoyendera kunasiya ana a kumudzi pa mpikisano wosalingana. Boma liyenera kukumbutsidwa zimenezi kosalekeza. Koma mwana amene ali mu Fomu 3 lero sangadikire labotale. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi ingathe kupempha sukulu yapafupi imene ili ndi zipangizo kuti ana azikayesererako Loweruka. Makolo nawonso ali ndi gawo lawo: mwana amene wachezera usiku pa nyanja, kapena wakhalira kutembenuza usipa pa thandala mpaka dzuwa kulowa, m'kalasi amangosinza. Ndalama ya usipa imaoneka lero lomwe, n'zoona, koma miyezi ya mayeso muloleni mwanayo apume ku ntchito za pa doko.

Zotsatira zikatuluka, tcherani khutu ku chilengezo cha bungwe la NCHE, limene limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira ku mayunivesite a boma. Posankha mapulogalamu, mwana asathamangire okhawo amene aliyense akuwalimbirana. Aikepo ena ogwirizana ndi mapointi ake. Chiphaso cha unzika chikhale chokonzeka msanga, ndipo mayina ake afanane ndi amene ali pa satifiketi ya MSCE. Akasankhidwa koma fizi yavuta, apemphe ngongole ku bungwe la HESLGB, limene linakhazikitsidwa mu 2015 pofuna kuthandiza ophunzira osowa.

Amene sanasankhidwe asaone ngati zathera pomwepo. Salima Technical College ili pafupi pomwepa ku Senga Bay, ndipo bungwe la TEVETA limalengeza malo a maphunziro a ntchito zamanja. Makolo a ana amene akulowa Fomu 3 chaka chino, kaonaneni ndi aphunzitsi mwana asanasiye phunziro lililonse.