Phunziro la Inshuwalansi ya Galimoto: Chifukwa Chake Mtengo Ukwera, ndi M'mene Tingaupepuzire

Munthu aliyense amene ali ndi galimoto adziwa kuti miyezi 12 ikatha ayenera kulipiranso inshuwalansi. Zaka zino ambiri akapita kukalipira apeza mtengo utakwera, chonsecho sadachite ngozi chaka chathunthu. Pokhumudwa, ena aimika galimoto pakhomo, ena ayenda mozemba apolisi, ndipo ena agula chikalata kwa munthu wosadziwika. Tsono, owerenga athu, tiyeni tione bwino nkhaniyi, kuti pofuna kupulumutsa ndalama zochepa tisataye galimoto ndi chuma cha banja lonse.

1. Kodi inshuwalansi nchiyani?

Makolo adati mutu umodzi susenza denga. Inshuwalansi ili ngati thumba limene eni galimoto ambirimbiri asonkhamo ndalama chaka ndi chaka, kuti amene tsoka lamgwera athandizidwe ndi ndalama za onse. Nchifukwa chake amene sadachite ngozi sabwezeredwa ndalama zake: zidakakonza galimoto ya mnzake, monga za mnzakeyo zidzakonza yake tsiku lina.

Kuno ku Malawi lamulo la pamsewu, Road Traffic Act la 1997, liletsa kuyendetsa galimoto pamsewu popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena. Mitundu yake yodziwika ilipo itatu. Woyamba ndi third party, umene ulipira munthu wina amene mwamuvulaza kapena kumuonongera katundu, koma galimoto yanu suikhudza. Wachiwiri uonjezerapo moto ndi kuba. Wachitatu ndi comprehensive, umene ulipiranso kuonongeka kwa galimoto yanu yomwe, ndipo ndiwo wokwera mtengo koposa.

2. Nanga mtengo ukwereranji?

Galimoto zathu ndi masipeya ake zichokera kunja, makamaka ku Japan ndi ku South Africa, ndipo zigulidwa ndi ndalama zakunja. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 alionse, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi magawo 44, kotero kuti dola imodzi ya ku America, imene inali pafupifupi K1,180, idafika pa K1,700. Taganizani: nyali ya galimoto ya madola 100 idachoka pa K118,000 kufika pa K170,000, tisanawerengere msonkho ndi mtengo wonyamulira. Kampani imene ikonzetsa galimoto mazanamazana pa mitengo yotere iyenera kusonkhetsa zambiri kuti thumba lija lisaume.

Palinso zifukwa zina. Mtengo wa comprehensive uwerengedwa potsata mtengo wa galimotoyo, ndiye galimoto ikakwera mtengo pamsika, inshuwalansi ikwera nayo limodzi. Ndalama za chipatala ndi chipukuta misozi cha ovulala nazonso zichokera m'thumba lomwelo. Ndiponso munthu akanamiza kampani ndi ngozi yabodza, amene alipira bodzalo ndi anzake onse osonkha.

3. Misampha itatu

Msampha woyamba ndi kuchepetsa mtengo wa galimoto polembetsa. Makampani ambiri aika m'pangano mawu akuti ngati mwalembetsa mtengo wochepera pa weniweni, iwonso adzalipira gawo lokha. Tiyerekeze kuti galimoto yanu ndi ya K10,000,000 koma mwailembetsa pa K6,000,000. Ikaonongeka, ndipo kukonza kwake nkufuna K2,000,000, kampani idzapereka magawo 6 pa 10, ndiye kuti K1,200,000 basi. Zotsalazo mudzatapa m'thumba mwanu. Chenjerani, pakuti munthu atha kugwa mu msampha umenewu osadziwa, pongosiya mtengo wa zaka zitatu zapitazo osausintha.

Wachiwiri ndi kubisa ntchito ya galimoto. Amene alembetsa galimoto ngati yoyendera pa banja, koma nkumachita nayo matola, adziika pa chiswe, popeza pa tsiku la ngozi kampani itha kukana kulipira. Chimodzimodzi amene abwereka galimoto munthu wopanda laisensi.

Wachitatu ndi chikalata chachinyengo. Chitha kukudutsitsani pa rodibuloko, koma mukagunda mwana wa mwini palibe kampani imene idzakuimirirani, ndipo mlandu wonse udzakhala pamutu panu. Makampani a inshuwalansi alandira chilolezo ku Reserve Bank of Malawi. Lipirani ku kampani kapena kwa nthumwi yake yovomerezeka, ndipo mulandire risiti.

4. Njira zoona zopepuzira mtengo

Choyamba, yambani kufunsa kutatsala mwezi wathunthu, chifukwa wofulumira tsiku lomaliza avomera mtengo uliwonse. Safunsa adadya phula. Pemphani mitengo yolembedwa ku makampani atatu, ndipo poyerekeza musayang'ane chiwerengero cha pansi chokha: onani malire a ndalama zimene adzalipira munthu wina, ndi zinthu zimene akana kulipira. Broker wovomerezeka athanso kukufunsirani ku makampani angapo. Mukapeza mtengo wotsikirapo, kauonetseni ku kampani yanu musanasamuke.

Chachiwiri, funsani za kuchotsera kumene apatsidwa munthu amene watha chaka osapempha malipiro, kumene atcha no claim discount. Kuchotseraku kukula zaka zikamapita, ndipo posamukira ku kampani ina tengani kalata yochitira umboni zaka zanuzo. Pa chifukwa chomwechi, galimoto ikangokalika pang'ono pa geti, nthawi zina nkwanzeru kukonzetsa nokha. Koma ngati ngozi yakhudza munthu wina kapena katundu wake, dziwitsani apolisi ndi kampani msanga.

Chachitatu, pa ngozi iliyonse pali gawo loyamba limene mwini galimoto alipira yekha, lotchedwa excess. Mukavomera kuti gawoli likhale lalikulupo, makampani ena atsitsa mtengo wa pachaka. Koma musavomere ndalama imene simungaipeze tsiku la ngozi.

Chachinayi, yesani mtundu wa inshuwalansi ndi msinkhu wa galimoto. Galimoto yokalamba, ya mtengo wochepa, mwina third party iikwanira, malinga mudziwe kuti ikaphwanyika mudzadzionera nokha. Koma imene mudagula ndi ngongole ya ku banki, kapena imene idyetsa banja lanu, isachoke pa comprehensive, ndipo banki kawirikawiri ilamula zimenezo.

Chachisanu, gawani mtengo wa chaka m'magawo 12, muzisunga gawo limodzi mwezi ndi mwezi, ndi kuonjezerapo pang'ono poyembekeza kukwera. Pena alola kulipira pang'onopang'ono kapena kugula ya miyezi yochepa, koma muyambe mwawerengera zonse pamodzi, chifukwa pa chaka chathunthu njira zimenezi zitha kudya zambiri.

Ngati kampani yakana kulipira ndipo muona kuti sidachite chilungamo, ilembereni kalata ya dandaulo. Ikapanda kukuthandizani, katuleni nkhaniyo ku Reserve Bank, kwa mkulu woyang'anira mabungwe a zachuma.

Mphamvu ya kwacha ndi mtengo wa masipeya sizili m'manja mwathu, owerenga athu. Zimene zili m'manja mwathu ndizo kufunsa nthawi ikadalipo, kunena zoona polembetsa, ndi kuyendetsa mosamala. Tsoka silinunkha, tsono tulutsani chikalata chanu lero lino, muone tsiku limene chithera ndi mtengo umene mudalembetsa.

Mafunso

1. Chifukwa ninji munthu amene sadachite ngozi sabwezeredwa ndalama zake?
2. Galimoto ya K8,000,000 yalembetsedwa pa K4,000,000, ndipo kukonza kwake kufuna K1,000,000. Kodi kampani idzapereka zingati?
3. Ndi galimoto yotani imene third party iikwanira, ndipo ndi yotani imene siikwanira?