Pogulitsa kiyibodi kapena gitala, ndalama ziyambe zafika

Makwaya a m'mipingo ndi magulu oimba a achinyamata m'boma lino anapeza zida zawo movutikira, ena atasonkherana kwa zaka zingapo. Ikafika nthawi yogulitsa kiyibodi ya Yamaha, gitala yamagetsi kapena zokuzira mawu, ambiri amalengeza pa Facebook kapena pa WhatsApp. Kumeneko wogulitsa amakumana ndi munthu amene sanamuonepo, ndipo chida chodula chimatha kupita osasiya ndi tambala yomwe.

Chinyengo chofala kwambiri ndi cha uthenga wabodza. Wogula amadinadina foni yake, posakhalitsa foni ya wogulitsa imalira, ndipo pamabwera uthenga wofanana ndi wa Airtel Money kapena TNM Mpamba wonena kuti ndalama zalowa. Uthengawo amakhala ataulemba yekha kapena mnzake amene ali poteropo, n'chifukwa chake umachokera ku nambala wamba. Nthawi yomweyo wogula amayamba changu, ati minibasi ikumusiya. Wogulitsa asatengeke ndi changucho. Aimbe *211# ngati ali pa Airtel Money kapena *444# ngati ali pa Mpamba, aone yekha ndalama zomwe zili mu akaunti yake. Chithunzi cha risiti chomwe wogula akuonetsa pafoni si umboni, pakuti kuchikonza sikutenga nthawi. Palinso ena amene amati atumiza ndalama zopitirira mtengo ndipo amapempha kuti zapamwambazo ziwabwerere, chonsecho sanatumize kanthu. Nambala yachinsinsi ya akaunti isaperekedwe kwa wina aliyense, ngakhale wodzitcha wogwira ntchito ku kampani ya mafoni.

Popeza akaunti za pafoni zili ndi malire a ndalama zomwe zingalowe, chida cha mtengo wokwera chimafuna banki. Njira yodalirika kuposa zonse ndi yakuti awiriwo akumane kubanki komweko masana, wogula aike ndalama mu akaunti ya wogulitsa pakauntala. Kalaliki wa banki amaziwerenga ndi makina, amazindikira zachinyengo, ndipo amapereka risiti yodindidwa. Izi zimapulumutsanso wogulitsa ku vuto loyenda ndi mitolo ya ma K5,000 m'thumba, yomwe pakati pake pakhoza kubisika mapepala abodza amene munthu wowerengera pansi pa mtengo madzulo sangawaone. Wogula woona sakana kupita kubanki.

Chida chikhale kwa mwini wake kufikira ndalama zitaoneka mu akaunti. Chimodzimodzi ndalama zotumizidwa kuchokera ku banki ina.

Chovuta kwambiri, mwina, si mlendo koma munthu wodziwika, monga mnzake wa mumpingo amene akupempha kulipira pang'onopang'ono. Kumukana kumachititsa manyazi, komabe milandu yambiri yotere imathera kwa amfumu. Pakhale kalata ya mgwirizano yotchula mtundu wa chida, nambala yake ya kufakitale yomwe imapezeka kunsi kapena kumbuyo, mtengo, masiku olipirira, nambala za ziphaso za unzika za onse awiri ndi mboni ziwiri. Ngati chidacho ndi cha kwaya kapena gulu, ndalama zilowe mu akaunti ya gululo, osati m'foni ya wapampando, ndipo msungichuma akawerenge risiti pamsonkhano wotsatira.