Phunziro la Zaumoyo: Kodi Fupa Lothyoka Limalumikizana Bwanji?

Ambirife tikudziwa munthu amene anathyoka mwendo pa ngozi ya njinga yamoto, kapena mwana amene anagwa mu mtengo wa mango. Lero tiyeni tiphunzire za mafupa.

Fupa ndi lamoyo

Fupa lili ndi mitsempha ya magazi ndiponso maselo amene amalikonza. Likathyoka, magazi amaundana pamalopo, kenaka pamamera mnofu wolimbirako umene pang'onopang'ono umasanduka fupa. Kwa munthu wamkulu zimenezi zimatenga masabata 6 mpaka 12, koma ana amachira msanga. Ntchito ya chikhakha ndi kugwira fupalo kuti lisagwedezeke.

Nanga mpata ukakula?

Chidutswa chachikulu chikaphwanyika kapena kuola, mbali ziwirizo sizingakumane zokha. Kawirikawiri madokotala amatenga tizidutswa ta fupa la m'chiuno mwa wodwalayo n'kudzaza mpatawo. Vuto ndi lakuti tizidutswato timachepa, komanso m'chiunomo mumatsala bala lina.

N'chifukwa chake akatswiri akuyesa njira ina. Amapanga kachinthu ka timabowo tambirimbiri kuchokera ku mchere wofanana ndi umene umalimbitsa mafupa athu. Amathiramo maselo ochokera m'mafuta a m'mafupa a wodwalayo, n'kukaika pampatapo. Monga nyemba zimayangira pa phesi la chimanga, fupa latsopano limayanga m'timabowomo. M'chaka cha 2001, madokotala a ku Italy ndi ku Russia analengeza kuti athandiza odwala atatu mwa njirayi. Komabe ndi yodula, ndipo kafukufuku wake akupitirira.

Zoyenera kuchita inu

Njira zonsezi zimalephera ngati magazi sakufika bwino pamalopo kapena ngati bala lachita mafinya. Choncho m'bale wanu akathyoka:

1. Musamukoke kapena kuwongola fupalo mokakamiza. Mangirirani timatabwa m'mbali, koma osathinitsa.
2. Fupa likatulukira kunja, phimbani ndi nsalu yoyera. Musathirepo dothi, phulusa kapena zitsamba.
3. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kukhale kutali.
4. Zala zikatupa, kuzizira kapena kuchita dzanzi m'chikhakha, bwererani msanga.
5. Wodwala asiye fodya, ndipo azidya usipa, mazira, nyemba ndi ndiwo zamasamba.

Kumbukirani: kuchedwa kungadulitse mwendo umene ukanachira.

Funso lokambirana pagulu: Kodi m'mudzi mwanu mungamunyamule bwanji munthu wothyoka mwendo popanda kumupweteka?